Ndinawagwaditsa apongozi pampando wa Aroma

Mpaka lero ndikadutsa pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ija mu Newcastle, ndimayang'ana kumbali ngati sindikuidziwa.

Apongozi anga, bambo ndi mayi, anabwera kuchokera ku Dedza kudzationa. Bambowo ndi mphunzitsi wamkulu wopuma, ndipo chikwatireni mwana wawo, yemwe ndi nesi, sanandifunsepo maganizo pa nkhani iliyonse (ine ndimasambitsa okalamba, ndipo sukulu tinasiyana nayo mwamtendere). Ndinatsimikiza mtima kuti ulendo uno aone kuti mkamwini naye ali ndi mutu.

Loweruka mayi a kunyumba ali kuntchito, ndinawakweza sitima ya metro apongozi onse awiri kukaona miyala ya mzinda wina wakale wa Aroma. Magalasi ndinawaiwala patebulo, koma sindinanene.

Titalowa tinapeza miyala yaitali, yosalala, yozokotedwa zilembo. Mwala wolembedwa dzina kwathu timaudziwa.

"Bambo, awa ndi manda a mafumu," ndinatero motsitsa mawu.

Anavula chipewa. Mtima wanga unati myaa. Mayi anatambasula dzanja kufunsa za timaenje timene tinandanda pamwala wina, kenaka n'kulibweza msanga, poti manda salozedwa.

"Umo ankathiramo nsembe," ndinayankha (sindikudziwa kumene ndinazitola).

Bambo anasuzumira timaenjeto nthawi yaitali. "Nsembe? Chabwino, a mkamwini."

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinaona gogo wina wachizungu atakhala phee pamwala wapakona, akumasula nsapato. Ndinapita n'kumuuza mwaulemu kuti, "Madam, please, respect the dead." Ananyamuka akuyang'ana pansi pa mwalawo ngati pali munthu. Potembenuka ndinapeza mayi agwada kale, ayala chitenje, akung'ung'udza nyimbo ya pamaliro. Nanenso ndinagwada. Bambo, ndi mawondo awo ovuta aja, anatsatira.

Tili chogwada choncho panafika mtsikana wogwira ntchito pamenepo, kufunsa ngati wina wadwala. Ndinamufotokozera. Anayesetsa kusaseka, Mulungu amudalitse. Anati imeneyo ndi mipando ya m'bwalo la zisudzo. Anthu a mumzindamo ankazokota mayina kuti pasakhale wina: apa pa ogulitsa nyama, apa pa osula golide, kutsogolo pa akuluakulu a mzinda. Mwala wapakona uja unali wongopanga, woikidwira dala alendo otopa.

Nanga akufa aja apita kuti? Ndinati ndimasulire mokhotetsa pang'ono, kuti mwina ena ankafera pampando pomwepo, koma ndinakumbukira kuti munthu amene wagwada pambali pangayu waphunzitsa Chingerezi moyo wake wonse.

"Nanga timaenjeti?" anafunsa okha bambo.

Mtsikanayo anati anthu ankaseweramo timiyala podikira kuti zisudzo ziyambe.

"Bawo," anatero bambo, akugwira phewa langa kuti adzuke. "Ndinaiona titangolowa."

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Mlendo satsutsa mwini mudzi. Ndinafunanso ndione kuti maliro ake tikaika kuti."

Mayi anapinda chitenje osandiyang'ana. Ndinachita manyazi oti ndikanalowa m'kaenje kamodzi ka bawo kaja.

Pobwerera bambo anayankhula njira yonse. Anati Aroma anali anthu olongosoka, osati kutchalitchi kwawo kumene munthu ukhala benchi imodzi zaka zonse, tsiku lina n'kupeza pakhala wina. Kenaka anandicheukira.

"Inu mukuona bwanji, a mkamwini?"

Funso limene ndinalidikira zaka zonsezi linafika. Ndinangoti, "Zoonadi, bambo."

Mawa lake nditaweruka ndinapeza mpando wanga wa pabalaza, uja wa pafupi ndi hita, wamatidwa kapepala kolembedwa bwino ndi dzanja la mphunzitsi. Ulendo uno ndinavala magalasi ndisanatsegule pakamwa. Panali dzina la apongozi. Kapepala kena kanali pa kampando kopondera mapazi, ndipo kanati: "Malo a woyang'anira manda."

Ndinakhala pomwepo milungu isanu.