Nyemba za ku Zobwe, Malasha a ku Moatize

Mpaka lero munthu akandifunsa kuti "mwamva?" ndimavomera ndisanaganize n'komwe. Kaya ndi adokotala, kaya ndi mdzukulu akundilongosolera za wailesi yake, ine ndimangogwedezera mutu. Si kuti ndine wanzeru. Ndinaphunzira mowawa kuti funso limeneli silifuna yankho loona, ndipo ndinaphunzira pamaso pa ana a sukulu yanga yomwe.

Zinali zaka za m'ma 1950, njanji itangofika kumene ku Moatize. Ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka mishoni kofolera ndi udzu, pafupi ndi komboni ya anthu ogwira ntchito mumgodi wa malasha. (Ndikati mphunzitsi musaganize zazikulu. Chuma changa chinali jekete limodzi, nsapato za Lamulungu ndi mbalamatodya yopachika pamsomali, thabwa lija lamabowo lomenyera ana m'manja.) Koma ntchitoyi inali ndi ubwino umodzi woposa malipiro: mphunzitsi wa mishoni asipayi, apolisi achikuda a boma, sankamugwira chibalo, ntchito yokakamiza ija. Anzanga amene ndinakula nawo ankatengedwa kukakumba misewu kapena kulowa pansi mumgodi, ine ndikudutsa pamaso pa sipayi choko chili kukhutu. Aliyense ankadziwa kuti mphunzitsi akachotsedwa ntchito, chotsatira ndi fosholo.

Kaphunzitsidwe kathu kanali kosavuta. Ana kwawo ankalankhula Chinyungwe, ine Chinyanja, buku Chipwitikizi. Ine ndinkawerenga, iwo n'kumabwereza ngati nyimbo. Mitsinje ya ku Portugal ankaitchula yonse osapuma, ngakhale ena ankayesa kuti ndi mayina a oyera mtima. Pomaliza ndinkafunsa kuti "Komprenderam?", ndiko kunena kuti mwamva, onse n'kuyankha pamodzi kuti "Sim, senyoro pulofesoro," kutanthauza kuti inde, aphunzitsi. Tikatero tinkapita kwathu mwamtendere, palibe wovutitsa mnzake.

Tsono patchuthi china anatiitana aphunzitsi tonse ku Zobwe kukaphunzira kaphunzitsidwe katsopano. Tinakwera kamiyau, lole ya mishoni, kuchoka kotentha kwathu kukafika kumapiri, komwe mphepo inandilowa m'mafupa jekete lili pathupi. Wotiphunzitsa anali wansembe wachinyamata wongofika kumene kuchokera ku Ulaya, amene Chinyanja anachiphunzira m'buku koma ankachilankhula ndi mtima wonse. Anatiuza kuti mwana amene wati "sim" sananene kanthu. Anati mbalamatodya imaphunzitsa zikhatho, mutu osaukhudza. Anatinso mayeso si a kumapeto kwa chaka okha, ndi a tsiku lililonse, ndipo woyesedwa weniweni ndi mphunzitsi. Apa ena tinayamba kuyang'anana.

Kenaka anatigawira aliyense njere ya chimanga choyera ndi nyemba yakuda. Lamulo linali loti akatha kufotokoza, amene wamva akweze chimanga, amene sanamve akweze nyemba. Wanyemba sakalipiridwa, mphunzitsi amangobwereza mwanjira ina. Tsiku loyamba tonse tinakweza chimanga, poti ndife anthu aulemu. Iye anangoseka n'kuloza mmodzi kuti abwereze zimene wamvazo, ndipo munthu uja anayamba kutsokomola. Mawa lake nyemba zinayamba kuoneka. Inenso ndinalimba mtima n'kukweza yanga pa masamu ogawa, amene ndinali nditawaphunzitsa zaka zingapo osawamvetsa. Anandifotokozera ndi timitengo patebulo, ndipo ndinamva. Ndinena mosabisa, misozi inalengeza, ndipo munthu ameneyu ndinamukonda. Tinamupatsa dzina loti Padiri Nyemba.

Panali a Zuze, mphunzitsi wachikulire wa konko, amene ankakhala kumbuyo atafunda bulangeti. Tsiku lonyamuka anandikokera pambali.

"Achimwene, izi n'za kuno kozizira. Mukamatsika phiri muzisiye pompano. Padiriyu akalakwitsa, amukweza sitima kubwerera kwawo. Nanga inu adzakukwezani chiyani?"

Ndinawathokoza mwaulemu, mumtima ndikuti ndi ulesi wa nkhalamba.

Nditafika ku Moatize, choyamba ndinatsitsa mbalamatodya n'kuisomeka m'udzu wa denga, kuti ndisaionenso. Chachiwiri ndinapempha akazi anga, amake Rozina, kambale ka chimanga ndi ka nyemba. Anandipatsa akundiyang'ana cham'mbali. Vuto linali loti Moatize si Zobwe. Kumapiri chakudya chimasefukira m'nkhokwe, kwathu ana ankabwera kusukulu m'mimba muli gwa. Sabata isanathe kalasi yonse inkangokweza nyemba zokhazokha, ine n'kumabwereza phunziro mpaka mawu kusasa, osadziwa kuti chimanga anakazinga kalekale. Nditapita kukapemphanso, amake Rozina anandifunsa ngati iwo amalima kuti ine ndizikasewera ndi ana a eni. Nkhani ya chimanga inathera pomwepo.

Apa mpamene nzeru zanga zinandipweteka. Ndinayang'ana uku ndi uku n'kuona kuti zakuda kwathu sizisowa. M'mbali mwa njanji munali mbwee malasha ogwa m'mabogi, ndipo kumtsinje wa Revubwe kunali timiyala toyera. Zonsezi n'zaulere ndipo palibe mwana angazikazinge. Ndinadziona ngati ndaposa Padiri Nyemba yemwe.

Ndipo zinayenda, ichi ndiye chimandiwawa kwambiri. Ana amene chaka chonse sanatsegulepo pakamwa anayamba kukweza malasha awo, ine n'kubwereza, nthawi zina monong'ona m'Chinyungwe ngakhale kunali koletsedwa. Timiyala toyera tinayamba kuchuluka. Atsikana, amene kale ankangoyang'ana pansi, anayamba kutsutsana ndi anyamata pa masamu. Mwana wanga Rozina anatulukira yekha kuti mitsinje ya ku Portugal ija ili ndi madzi ngati Revubwe, ndipo anafunsa ngati mulinso ng'ona. Sindinkadziwa, koma ndinasangalala.

Kenaka ndinayamba kuwonjezera zanga. Timalasha tating'ono sitinkaoneka bwino ndikaima kubolodi, choncho ndinati aliyense abwere ndi looneka. Munthu sauza ana mawu otere. Unasanduka mpikisano. Lero lofanana ndi dzira, mawa chibakera, mkuja papaya. Ndinawaphunzitsanso kukweza mkono mowongoka ndi kundiyang'ana m'maso, osati pansi monga anawalerera kwawo. Pamwamba pa zonse ndinawalumbiritsa kuti aliyense wowafunsa ngati amva, kaya ndi ine, kaya ndi wansembe, kaya ndi bishopu amene, asaname. (Ana amaiwala zambiri zimene mphunzitsi amanena. Ichi chokha sanaiwale.)

Amayi a kukomboni ankadandaula kuti ana akubwera manja ndi nkhope zili bii ngati nawonso alembedwa mumgodi. Tsiku lina amake Rozina akuchokera kumtsinje anasuzumira pazenera, ndipo madzulo anandiuza kuti zimene aonazo zikufanana ndi nkhondo. Ndinawayankha kuti sadziwa pedagojiya, luso la kaphunzitsidwe. Mawu amenewa ndinabwera nawo kuchokera ku Zobwe, ndipo ndinkawatulutsa paliponse pamene ndasowa chonena.

Woyendera sukulu wa boma anafika osachenjeza, monga mwa chizolowezi chawo. Anali mzungu wonenepa wochokera ku Tete, suti yoyera mbee, chipewa cholimba kumutu. Anabwera ndi wansembe wamkulu wa mishoni yathu, bwana wanga weniweni, ndi sipayi amene anatsala pakhomo. Ana anaimirira, anapereka moni, anaimba, anatchula mitsinje yonse. Woyendera uja anagwedeza mutu mokhutira. Ndinaganizako zomufotokozera za miyala imene inali pansi pakati pa mapazi a ana, koma masiku amenewo munthu wakuda sankayamba kulankhula kwa bwana wotere asanafunsidwe. Ndinatseka pakamwa, ndikuti mwina zidutsa.

Atakhala pansi ana, bwana uja anaima kutsogolo n'kuyamba kulankhula za ukulu wa Portugal. Analankhula nthawi yaitali, Chipwitikizi chothamanga chotulukira m'mphuno, choti ngakhale ine ndinkangotolamo apa ndi apo. Atatha anapukuta thukuta, anamwetulira, n'kufunsa:

"Komprenderam?"

Ine ndinadziwiratu chimene chikubwera. Ana onse anawerama nthawi imodzi. Powongoka, mikono inali m'mwamba, yowongoka monga ndinawaphunzitsira, m'dzanja lililonse muli chimwala chakuda, maso onse ali pa mzungu. Panalibe kamwala koyera ngakhale kamodzi. Kutsogolo kwenikweni kunali Rozina, chake atachigwira ndi manja awiri.

Tsono taganizani zimene munthu uja anaona. Anafuula kuitana Amayi Maria n'kudziponya kuseri kwa tebulo langa. Tebulolo linali ndi miyendo itatu yabwino, wachinayi unkatsamira njerwa. Linagwa naye limodzi, botolo la inki n'kukhuthukira pa suti yoyera ija, chipewa n'kugubuduka mpaka kukhomo. Sipayi analowa ndodo ili m'mwamba. Ine ndinakuwa kuti atsitse, ndipo ana omvera aja anangotaya onse pamodzi. Atamva phokoso lake, sipayi anabwerera chambuyo n'kuponda phazi la wansembe wamkulu, fumbi lakuda lili kobo m'kalasi monse.

Ndinathamanga kukadzutsa bwana uja, ndikubwerezabwereza kuti, "Senyoro, ndi pedagojiya." Anakankha dzanja langa. Ana anali atakhala phee, manja pamaondo, akudikira. Mtsikana wina wa kumbuyo ananena mwaulemu m'Chinyungwe kuti, "Tiribe kubva," kutanthauza kuti sitinamve. Iwo ankayembekeza kuti bwanayo abwereza mwanjira ina, poti ndimo zinkakhalira. Sindinaonepo chinthu chondimvetsa chisoni ngati nkhope zimenezo.

Atapezanso mpweya, bwana uja analamula kuti ndibweretse mbalamatodya, mwana aliyense alandire zake iye akuona. Ndinakwera pabenchi n'kupisa dzanja m'udzu wa denga. Chiswe chinali chitaidya kale. Ndinatsika ndi chigwiriro chokha, chotsalacho chikuyoyoka ngati gaga. Ana anapulumuka tsiku limenelo, koma bwana uja anaona kuti umboni wakwanira: mphunzitsi wopanda mbalamatodya, ana okhala ndi miyala.

Mawa lake anandiitana ku ofesi ya shefi wa posito, mzungu wolamulira dera lathu. Ndinafotokoza zonse, za Zobwe, za chimanga, za Padiri Nyemba. Ndinayang'ana kwa wansembe wamkulu kuti andiikire kumbuyo, poti ndi iye ananditumiza kumaphunziroko. Iye anayang'ana phazi lake lotupa n'kunena kuti monga akudziwira, ku Zobwe anaphunzitsa za nyemba, za miyala sakuzidziwa. Shefi anandifunsa ngati ndinamvapo kuti nyemba yaphwanya munthu mutu. (Padiri Nyemba sanamukweze n'komwe sitima. Anangomusamutsira kwina kukaphunzitsa Chilatini. Patapita nthawi ananditumizira kachithunzi ka woyera mtima wina, kokongola ndithu. A Zuze anapuma pantchito mwaulemu, ali ndi ng'ombe zawo.)

Shefi ananena chigamulo m'Chipwitikizi chothamanga kuposa cha woyendera uja. Ndinatolamo mawu awiri okha, chibalo ndi mgodi. Chimene ndinalakwa, kwa nthawi yaitali bwanji, banja langa lidya chiyani, zonsezo zinandidutsa. Atatha anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndamva. M'thumba la jekete munali kalasha kanga kamene ndinkaonetsera ana, ndipo zala zanga zinali zitakagwira kale. Ndinatulutsa dzanja lopanda kanthu.

"Sim, senyoro."

Mumgodi ndinapeza abambo a ana anga omwe. Anandilandira bwino, sindinama, koma kuseka sanaleke. Tikamakankha ngolo wina ankati, "Apulofesoro, kuno ndiye mukweza malasha mpaka mumva." Dzina la uphunzitsi linandikanirira, choko sindinachigwirenso. Chifuwa chimene ndimatsokomola lerochi ndinachitenga kumeneko.

Pasukulu paja anabweretsa mphunzitsi wina ndi mbalamatodya yatsopano. Miyala yonse anaikokolola n'kukwirira nayo dzenje la kuseri. Sabata yoyamba Rozina anabwera kunyumba zikhatho zitatupa, chifukwa anauza mphunzitsiyo kuti sanamve. Anandipeza ndili pakhonde ndikuchotsa fumbi m'zikhadabo, n'kundionetsa manja ake.

"Ababa, nanga ndikapanda kumva ndizitani?"

Ndinayang'ana manja akewo, ndinayang'ana anga. Amake anaima pakhomo akundiyang'ana.

"Uziti sim, mwanawe," ndinatero. "Uzikweza mawu."

Anamvera, poti anali mwana womvera. Kuyambira pamenepo ndikamadutsa kuseri kwa sukulu popita kumgodi, ndinkamva kalasi yonse ikuyankha pamodzi, ndipo mawu a Rozina ndinkawazindikira pamwamba pa onse. Za ng'ona za ku Portugal sanandifunsenso.