Alovera wa Apongozi Anga

Mpaka lero ndikamadutsa kuseri kwa nyumba ya apongozi anga ku Thambani, ndimayang'ana kumbali. Pali khonje wanga pamenepo, wathanzi kuposa mwini wakene.

Ndine mphunzitsi wa zaulimi, komanso mkamwini pamudzipo. Chaka china tinaitanidwa kumaphunziro ku Boma. Mayi wina wodziwa za zomera anatiuza kuti zomera zosunga madzi m'masamba zimanamiza zikakula, zimafanana pomwe palibe chibale. Ukafuna chibale chenicheni, ufese njere, uonetsetse tsamba loyamba mmera ukamatuluka. Ine ndinamva theka (kukhitchini kunkanunkhira nkhuku).

Nditabwerera, mkazi wanga anati, "Amayi mapazi awo achita ming'alu, akufuna alovera woti azipaka."

Ndinati mwayi ndi umenewu, aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinakwera phiri, n'kupeza timbande tambirimbiri titagwa pansi pa chimtengo china chouma (ndikanangoyang'ana m'mwamba, abale). Zofesa njere ndinaziona zochedwetsa. Ndinangoona timasamba tonenepa, tosongoka, n'kugamula kuti awa ndi ana a alovera.

Ine ndi apongozi sitiyang'anizana, ndiye analankhula ali kuseri kwa nkhokwe, kudzera mwa mwana wawo.

"Tawafunsa bambo a Chisomo, ameneyu si khonje?"

"Uwauze kuti mwana amadziwika ndi bambo wake akadali wakhanda. Ndinaphunzira ku Boma."

Mwa ulemu wawo, apongozi anazula mpiru wawo wonse kuti mbande zanga zipeze malo, n'kumathirira tsiku ndi tsiku.

Masamba atatalika, anadula limodzi, anasinja, n'kupaka kuyambira kumapazi mpaka m'mawondo, poti mankhwala a aphunzitsi. Amene munagwirapo madzi a khonje mukudziwa kuyabwa kwake. Mayi aja anadzikanda ndi chitsononkho mpaka dzuwa kupendeka, mudzi wonse ukubwera kudzazonda.

Madzulo mkazi wanga anabwera ndi uthenga. "Akuti zikomo, ming'alu ija aiwalako."

Ndinachita manyazi osasimbika. Khonjeyo apongozi anakana kuti ndizule, akuti azipotera zingwe za mbuzi.

Chaka chatha tinabereka mwana wachiwiri. Azimayi akukangana kuti wafanana ndi ndani, wina anati afunse bambo ake. Apongozi anayankha ali m'nyumba, ulendo uno osadzera mwa munthu.

"Amenewo musawafunse. Angatiuze kuti ndi wa aneba."

Komatu makutu a mwanayo ndinali nditawaona kale kuti ndi a malume anga.