Nyimbo ya Kuseri kwa Masiki

Inu, tamverani za Macfussy, mnyamata wa bodza lothira mchere.

Lamulo litangosintha muno mu Doha kuti munthu utha kusiya ntchito osagwadira bwana, iye anataya yunifolomu ya ulonda, ulendo ku West Bay, kulesitilanti ya Chitaliyana. Kumeneko mawetala amaimbira alendo nyimbo ina yakalekale ya kwawo kwa Madamu, mwini malowo.

"Nyimbo iyi agogo anga ankaimba ali mnyamata," anatero Madamu. "Inakwera sitima mpaka ku Amereka, ku Japani akaimva amalira. Wosaidziwa sindimulemba. Iwe umaidziwa?"

"Aaa, Madamu! Kwathu ku Balaka timagonekera ana imeneyo!"

Wallahi, anali asanaimvepo n'kamodzi komwe. Koma inali nthawi ya korona, aliyense masiki kukamwa. Anzake akayamba, Macfussy amangogwedeza chibwano, dzanja pamtima, maso kudenga. Alendo m'manja phaphapha! Mwezi usanathe munthu anadziika kutsogolo, mpaka kumadzudzula Hassan, mnzake wogona naye chipinda chimodzi ku Al Asmakh, kuti akuthamangitsa nyimbo.

Paja chakomachakoma pusi anagwa chagada. Tsiku lina Madamu akuti, "Khalas, basi, masiki pansi! Lero alendo aone mano."

Macfussy anadziwa kuti zake zada. Abwererenso kugeti, padzuwa lija? Anakokera Hassan kukhitchini.

"Achimwene, ndiphunzitseni mawu, ndafa ine!"

"Mawu atinso? Inetu ndimaonera inu!"

"Nanga wetala mnzathu, Mnepali uja?"

"Amaonera ine."

"Ndiye amaimba ndani?"

"Mfilipino wamfupi uja. Anarizaina dzulo."

Anafola asanu, manja tambalale, woliza gitala n'kuyamba. Pakamwa ponse yasa! Zibwano zikugwira ntchito yake, koma mawu zii, ngati mbuzi zobzikula.

Mmwenye wina patebulo, chifundo chitamugwira, anaiyamba yekha. Mwarabu n'kulandira, Mjapani n'kupolokozera, misozi chuchuchu. Lesitilanti yonse inaimba, kupatula olembedwa ntchito yoimbawo.

Alendo atapita, Madamu anawayang'ana mmodzimmodzi. Macfussy anali atayamba kale kumasula epuloni, mtima uli kugeti.

"Dziko lonse limaidziwa nyimbo iyi," anatero Madamu, "ine n'kutola asanu okhawo osaidziwa! Mawa ndigula sipika. Inu tolani masiki anu muvale."

"Koma Madamu, koronatu inatha," anatero Macfussy.

"Kwa ena. Kwa inu sidzatha."