Chikwangwani Patsogolo, Sitolo Pambuyo

Anthu ena amayamba apeza katundu, n'kutsegula sitolo, kenaka n'kuitana wolemba zikwangwani. Ba Whyson a ku Kanyama ankayambira kumapeto. Ankalemba chikwangwani pakhoma la sitolo yopanda munthu, dzina la wina n'kuliika pamwamba m'zilembo zazitali ngati mwana woyamba sukulu, ndipo mwini dzinayo ankamvera kwa anthu mumsewu kuti watsegula bizinesi. Mpaka lero m'komboni muja, munthu akakusenzetsani ntchito yomwe simunaipemphe, amati wakuchitani Whyson.

Amene anasenza mtanda umenewu tsiku ndi tsiku anali akazi awo, ba Mainess. Anakwatirana kwawo ku Petauke, n'kubwera ku Lusaka dziko litangolandira ufulu. Njira ya kumwera yobweretsera katundu m'dziko itatsekedwa, ba Whyson anapeza ntchito pa malole onyamula migolo ya petulo kuchokera ku Dar es Salaam. Anapitako ulendo umodzi wokha, chifukwa msewu uja unawagwedeza mpaka mano ena anatsalira m'njira. Koma anaiona nyanja yamchere ndi zombo zake, ndipo nyanjayo sinatulukenso m'mutu mwawo. Atabwerako analowa ntchito ku fakitale ya penti ku Heavy Industrial Area, komwe kapitawo ankawalola kutola zitini zotayidwa. Poweruka ankafika pakhomo njinga ili ngwerengwere, n'kukhala pakhonde kumapala zitini zija ngati muli uchi.

Anapenta nyumba, khola la nkhuku, mtondo, ngakhale chitseko cha chimbudzi, paliponse chombo chili pamwamba pa mafunde. Ba Mainess ankauza anzawo ku mpope kuti pakhomo pawo munthu suima malo amodzi nthawi yaitali, ungapezeke uli ndi nsomba kumsana. Ankadandaula choncho, koma mlendo akabwera anali iwo omwe omuzungulitsa nyumba kuti aone.

Kumapeto kwa komboni kunali mzere wa masitolo akale. Masitolowo anamangidwa nthawi imene kunali anthu okumba miyala. Okumbawo atachoka, chidzenje chawo chinadzaza madzi obiriwira, eni masitolo n'kukhoma zitseko, ulendo ku msika. Malata anachita dzimbiri, mbuzi zinalowamo, amuna a kachasu anapeza pobisalira akazi awo. Azimayi ankalambalala kutali. Aliyense ankapatchula kuti pa Mabwinja, kupatula ba Whyson, amene ankati ku Gombe. Ankaima m'mphepete mwa chidzenjecho manja kumbuyo, achule ali pakalapakala kulira, n'kumauza aliyense wodutsa kuti kamphepo kake n'komweko ka ku Dar, kungoti kakusowa mchere.

Lamulungu lina ba Whyson anati mutu ukuwawa, sapita ku tchalitchi. Anthu potuluka m'mapemphero anapeza khoma loyamba la pa Mabwinja layera mbee, pali mkazi wa diresi la maluwa ataima pamchenga, ndipo pamwamba pake palembedwa kuti BA MAUD, OSOKA ZOVALA. Ba Maud anali mayi wamasiye wochokera ku Kasama. Makina osokera a amuna awo anawafunditsa chitenje tsiku la maliro, osawavundukulanso. Anafika kwa ba Mainess atapsa mtima, Baibulo lidakali m'khwapa, n'kuwaitana ndi dzina la mwana wawo woyamba monga amachitira anthu a kwawo.

"Bana Moven, bamuna banu bafuna komboni yonse iniseke? Nindani anabauza ati nili na shopu?"

Ba Mainess asanapeze poyambira kupepesa, ba Whyson anatulukira kuseri, penti mpaka m'makutu.

"Amayi, ine nalemba chabe. Ngati ni boza, muyende mukafute."

M'mawa mwake ba Maud anatengadi chidebe ndi chisanza. Anapeza azimayi atakhala kale pakhonde, nsalu zili pamiyendo, akudikira telala atsegule. Kuwabweza kunawachititsa manyazi, ndiye anati angowayeza tsiku lomwelo basi. Madzi a m'chidebe aja anathera pokolopa pansi. Mwini sitolo wakale atamufufuza anangoti bola papezeke munthu wothamangitsa mbuzi, ndipo pofika Khirisimasi makina aja ankalira mpaka tsidya la chidzenje.

Kuyambira pamenepo ba Whyson akadwala mutu Lamulungu, mpingo wonse unkapemphera diso limodzi lili pawindo. Wotsatira anali ba Hosea, mlonda wopuma ntchito amene ankamasula wayilesi yake sabata iliyonse n'kuimanganso, tizitsulo tina n'kutsala patebulo. Anadzuka ali DOKOTALA WA MAWAYILESI. Kunena zoona, mawayilesi oyamba ankabwera akudwala n'kubwerera atamwalira. Koma munthu ukamatchulidwa dokotala m'mawa uliwonse umayamba kuchita manyazi ndi maliro. Ba Hosea anaphunzira, mpaka anthu ankachokera ku Chawama ndi ku Linda mawayilesi ali pamutu.

Ba Ngosa, amene anabwera ndi kamera kuchokera ku migodi ya ku Kitwe, anawalembera chikwangwani panja, m'kati n'kuwajambulira chombo chodzaza khoma lonse. Theka la Kanyama linajambulitsa litatsamira chombocho, zithunzi n'kutumiza kumudzi. Ku Petauke kunamveka mbiri yoti Lusaka ali ndi nyanja. Amalume a ba Mainess anakwera basi atavala jekete, n'kufika akufunsa kuti chombo chimanyamuka liti. Ba Mainess anawatengera pachidzenje paja mutu uli pansi. Mkuluyo anayang'ana madzi obiriwirawo nthawi yaitali, n'kunena kuti kumudzi sakanena kanthu, chifukwa naye ankafuna chithunzi.

Mlandu waukulu unali wa ba Mussa, amene anatsegula kasitolo ka zakudya pamzerepo. Zinali zaka zija zinthu zinkasowa m'masitolo, pamene munthu ukaona mzere unkayamba waimapo, zofunsa kuti akugulitsa chiyani pambuyo. Ba Whyson anajambula pakhoma la ba Mussa mabotolo a mafuta ophikira a saladi, mitanda ya sopo ndi mapaketi a shuga, zonyezimira ngati ungazigwire. Dzuwa lisanakwere mzere unali utazungulira chidzenje. M'sitolomo munali machesi, mtedza ndi tinsomba ta kapenta basi. Ba Mussa anatuluka manja m'mwamba kupepesa, koma anthu anali ataima kale kwambiri moti sakanapita chimanjamanja, ndipo anagula kapenta yense chifukwa cha mkwiyo. Ba Mussa atalamula kuti zithunzizo zifufutidwe asanaphedwe, ba Whyson anatenga kabulashi kakang'ono n'kulemba pansi pa mabotolo aja mawu amodzi: VIKABWERA.

Ba Mainess ankaona kumene zinthu zikulowera. Anawakhazika pansi amuna awo n'kuwauza kuti tsiku limene adzalembe dzina lawo pakhoma, iwo adzakwera basi ya ku Petauke. Ba Whyson anagwira pamtima n'kulumbira, ndipo lumbiro lawo analisunga. Lamulungu lotsatira, pasitolo ya pakati panalembedwa kuti MUKAZI WA BA WHYSON, TIYI NA VITUMBUWA. Ba Mainess anawerenga kawiri, dzina lawo osalipeza. Anapsa mtima sabata yonse, koma anapsera mtimawo pambali pa mbaula, chifukwa ba Hosea ndi ba Ngosa anali atabwera kale ndi makapu awo.

Pofika nthawi imeneyi dzina la Mabwinja linali litaiwalika. Ku Gombe kunabwera wosema mipando, wometa, ndi mayi woumba miphika ya maluwa. Loweruka masana kunkalira kalindula wa magitala opanga okha, ndipo amuna a kachasu aja anasanduka ovina. M'mphepete mwa chidzenje anazikamo mitengo yopentedwa kuti ana asagweremo, n'kuikanso mabenchi. Anthu ankachokera ku Matero kudzangokhala pamenepo, kumwa tiyi n'kumayang'ana achule.

Kenaka kunabwera nkhani ya msewu. Akuluakulu a m'tauni anafuna kudutsitsa msewu watsopano m'komboni, ndipo pamapu awo malo aja anali adakali mabwinja. Kunabwera anthu ndi chitini cha penti yofiira, n'kulemba mtanda wopingasa pakhoma lililonse loyenera kugwetsedwa. Ba Maud anakhala pansi n'kulira. Makina aja ndi amene ankaphunzitsa ana awo. Ba Mainess nawo anazindikira tsiku limenelo kuti sitolo imene anaikana ija inali italowa m'magazi.

Ba Whyson anayenda mzere wonse akuyang'ana mitandayo mutu utapendekeka, n'kudandaula kokha kuti wolembayo anawononga penti yabwino. Pofika tsiku loti katapila agwetse makomawo, mtanda wa kwa ba Maud unali utasanduka sizasi. Wa kwa ba Ngosa unali nkhafi ziwiri zopingasa. Wa kwa wometa unali lumo ndi chipeso, wa pamalo oimbira unali magitala awiri. Woyendetsa katapila anauzidwa kugwetsa makoma a mtanda wofiira. Anayenda uku ndi uku osaupeza, anamwa tiyi, n'kubwerera.

Masana omwewo achinyamata a chipani cholamula anabwera kudzawatenga ba Whyson. Apa panalibenso kuseka. Masiku amenewo kukangana ndi chipani kunkatha kukuchotsera malo ogulitsira ndi nyumba yomwe, ndipo ena ankabwerako ku ofesi ya chipanicho akutsimphina. Ba Mainess anatseka sitolo n'kutsatira pambuyo. Anaima pakhomo pa ofesiyo n'kumamvetsera. Ba Cheyamani a dera lija, ba Mukupa, munthu wadazi ndi mimba yotsogola, anamenya patebulo n'kunena kuti ba Whyson afufuta chizindikiro cha boma.

"Sininafute, ba Cheyamani," anayankha ba Whyson, chipewa chili m'manja. "Chikalipo. Nachivalika chabe, chenze chintako."

Wachinyamata mmodzi anatsamwa ndi kuseka. Ba Mukupa anamuyang'ana mpaka anameza kusekako. Kenaka anagamula kuti popeza mkuluyu amakonda penti, apente khoma lonse la ofesi, loyera, popanda nsomba ngakhale imodzi. Ba Mainess anawagwira mkono amuna awo n'kuwanong'oneza kuti loyera likutanthauza loyera.

Nsomba sanajambule. Anajambula chombo chachikulu chikuboola mafunde, ndipo pachiwongolero panaima kaputeni wa yunifomu yoyera. Nkhope inali ya ba Mukupa, koma tsitsi lonse litabwerera ndipo mimba itatsala kumtunda. Ba Mainess ataona anayamba kuganiza za katundu woti anyamule popita ku Petauke. Ba Mukupa anatuluka, anaima, anabwerera m'mbuyo pang'ono, anaimanso. Pomaliza anafunsa motsitsa mawu ngati ndevu za pamlomo sizingawonjezeredwe pang'ono.

Kuyambira tsiku limenelo ku Gombe kunalibe mtetezi woposa ba Mukupa. Anavala suti n'kupita m'tauni kangapo, eni masitolo ali pambuyo pawo, ba Maud akulankhula m'malo mwa onse mpaka akuluakulu anabwera kudzaona okha. Msewu unamangidwa, koma ukafika pamenepo umakhota ngati chigongono, ndipo madalaivala a mabasi amatukwanapo mpaka lero osadziwa womutukwana. Pobwerera kunyumba tsiku lija la chigamulo cha ba Mukupa, ba Mainess anawakalipira amuna awo njira yonse kuti tsiku lina adzawaphetsa ndi mtima. Atafika anawaphera nkhuku.

Ukalamba unawalowera ba Whyson m'maso. Zombo zawo zinayamba kufanana ndi nthochi, ndipo panalibe amene anawauza. Chifuwa cha ku fakitale chinawagoneka nyengo ina ya mvula, ndipo sanadzukenso. Tsiku la maliro masitolo onse anatseka. Oimba kalindula anaimba nyimbo za mpingo pang'onopang'ono, ndipo ba Mukupa, amene panthawiyo anali atachoka paudindo, anakana kusinthana ndi wina ponyamula bokosi.

Ku Gombe kulipobe, ndipo malonda akuyenda. Makoma akasuluka amaitana olemba zikwangwani atsopano, anthu aulemu amene amayamba afunsa kuti alembe chiyani, n'kulemba zomwezo. Palibe amakwiya nawo, palibenso amathamanga kukaona. Lamulungu mpingo umapemphera maso onse ali otseka, ndipo potuluka anthu amangolunjika kwawo. Ba Mainess ankati chimene chinawapweteka kwambiri n'choti fungo la penti linatha m'nyumba asanakonzeke.

Patapita miyezi, m'sitolo mwawo munalowa Elesi, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake anapita ku Kabwe kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Anaitanitsa tiyi, anamwa mpaka kuzizira, akuzungulitsa kapu m'manja. Kenaka anafunsa, maso ali pansi, ngati ba Whyson asanamwalire ananenapo chilichonse za iye. Anati zaka zonsezo ankadutsa pamzere paja Lamulungu lililonse kuyang'ana ngati dzina lake latuluka.

Ba Mainess anapukuta tebulo lomwe linali loyera kale. Amuna awo sanamutchulepo Elesi ngakhale kamodzi. Koma anayang'ana mutu wa kamtsikana kamene kanamatirira chitenje cha mayi wake, mizere ya tsitsi yowongoka ngati ya m'munda wa mlimi wakhama.

"Benze kukamba ati kulibe oluka tsitsi monga iwe mu Kanyama yonse," anatero. "Penti ndiye inabathera. Mailo ubwere na mpando, pakhonde panga pali malo."

Elesi anabwera m'mawa mwake, mpando uli pamutu, ndipo anapeza ba Maud atakhala kale pakhondepo, akumasula duku.