Tinawatsanzika Che Saidi Asanatsanzike

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Malindi anyamata amandiimbira sawasha, ndipo si ulemu ayi.

Che Saidi akhala kochi wa timu yathu kuyambira kalekale. Anaphunzitsa mpira bambo anga, kenako ine, pano akukalipira mwana wanga. Ine ndine wothandizira wawo (kunena zoona, wonyamula mipira ndi chigubu cha madzi).

Tsiku lina titamaliza kukonzekera masewero a ku Katuli, anandiitanira pambali.

"Mwanangu, ine ndipumule. Loweruka timu uyendetse ndiwe."

Ndinafika kunyumba osadziwa kuti ndadutsa njira iti. Ndinauza mayi a kunyumba kuti asauze munthu, ndipo pofika madzulo Malindi yense anali akudziwa. Telala anandisokera jekete yolembedwa KOCHI WAMKULU kumsana. Ndinakopa makolo a osewera kuti munthu wotere sangachoke chimanjamanja, mpaka panapezeka mbuzi, mpunga, zokuzira mawu ndi mpando wandalema woti akapumirepo.

Lachisanu Che Saidi atatuluka kumzikiti tinawakweza kabaza mpaka pabwalo, amayi akululutira. Ndinagwira maiki. Ndinayamba bwinobwino ndi zikho zimene anatibweretsera, koma m'manja mutawombedwa lilime linathamanga. Ndinati nthawi ya mpira wongomenyera kutsogolo yatha, kuti anyamata atopa kuthamangitsidwa pamchenga ngati akuba nkhuku, kuti tsopano kwabwera magazi atsopano (apa ndinatembenuka kuti onse awerenge kumsana).

Che Saidi anadya mbuzi yawo modekha, ali chiimire. Atasamba m'manja anapempha maiki, nathokoza chifukwa cha mpando.

"Koma ndikhalapo chithupsa chikaphulika. Chili pamalo pokhalira, n'chifukwa chake sindingakwere lole ya ku Katuli mawa. Lolemba tonse pamchenga, ndipo a magazi atsopano adzatsogolera kuthamanga."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Goloyi wathu anachita kugubuduka pansi.

Ku Katuli anatimwetsa zigoli mpaka ndinavula jekete ija n'kuikhalira. Lolemba ndinathamanga pamchenga ndi kamimba kangaka, mwana wanga akundidutsa uku akuseka.

Ndinaphunzira kuti mkulu akati ndipumule, uzifunsa kuti mpaka liti. Komabe sabata yathayi Che Saidi anadandaula msana, ndipo mtima wanga, wopanda manyaziwu, unayamba kuvina beni.