Umboni Wanga Woti Boma Linandidula

Mpaka lero ndikamadutsa pa Malomo ndimayenda chowerama. Pali madala ena pamenepo amene akandiona amapukusa mitu mondimvera chisoni, ndipo chisoni chakecho si cha ntchito yanga imene inatha ayi.

Zinali zaka zoyambirira za matipate. Ine ndinali mesenjala pa kaofesi kena ka boma cha ku Nachisaka: kusesa, kuwiritsa tiyi, kupalasa njinga kukasiya makalata. Tinavota bwinobwino, tinavina, kenako tinangomva kuti boma lanenepa kwambiri, liyenera kuchepetsa thupi. (Chodabwitsa n'chakuti pochepetsapo anayambira ife owonda.) Amesenjala, alonda, okonza misewu, tonse panja. Mawu achingerezi a zimenezi ankatipinda lilime, ndiye tinkangoti "atidula".

Chaka chinatha ndili lova. Kenako mnzanga wina wodulidwa anandiuza kuti kukubwera a boma pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Malomo, kudzaphunzitsa ochotsedwa ntchito kasakidwe ka ntchito ina, komanso kufotokoza kumene kunamatirira ndalama zathu zopumira. Ndinavala jekete la kutchalitchi. Mkazi wanga, make Sitela, amene pathupi pake panali patangoyamba kuoneka, anandikulungira mbatata yootcha.

Mapiri a ku Ntchisi sadziwa kuti munthu ali pachangu. Njinga ija ndinaikankha kuposa mmene inandinyamulira, pomaliza tayala linaphwa. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Ana anali pa holide, koma m'makalasi awiri munali anthu. Ndinasuzumira moyambamo: azibambo okhaokha, atadzipanikiza m'madesiki a ana, nkhope zili zakugwa. Mumtima ndinati, nkhope izi ndi za anthu odulidwa basi. Ndinalowa.

Kutsogolo kunali mayi wina wovala suti, choko kumanja.

"Ndikudziwa kuti muli ndi mantha," ankatero. "Ena amati zikakuchitikira ndiye kuti umuna watha, pakhomo sulemekezedwanso. Si zoona. Munthu amakhalabe ndi mphamvu zake."

Ndinagwedeza mutu. Mayiyu ankatidziwa.

"Masiku ano kudyetsa ana ambiri n'kovuta."

"Eee!" ndinavomera ndekha mokweza. (Ndinadabwa kuti anzanga onse ankangoyang'ana pansi.)

"Kumudzi mumati kudula, ngakhale si mmene zilili kwenikweni. Kodi alipo pano amene zinamuchitikira kale, atiuze mmene akupezera?"

M'kalasi monse zii. Ine ndinasokonezeka. Tonse ndife odulidwa, nanga manyazi ndi a chiyani? Ndinaimirira, n'kukonza jekete.

"Ine mayi, anandidula chaka chatha."

Nkhope ya mayi uja inawala. "Tawaombereni m'manja bambowa! Munapita nokha?"

"Ayi, anachita kundiitanitsa. Bwana anatseka chitseko, pang'ono chabe basi zatheka."

"Mwamva nonse? Sizitenga nthawi. Nanga munamva kupweteka?"

"Mayi, musafunse. Nditatuluka, ngakhale njinga ndinalephera kukwera. Mpaka lero tulo sindiona."

Kumwetulira kuja kunayamba kuzilala. Mdala wina wa pafupi ndi khomo anatola ndodo yake.

"Koma kunyumba zonse zili bwino, eti? Akazi anu..."

"Analira tsiku lonse. Pano amangondiyang'ana, n'kumati, bambo a Sitela, mukhala chonchi mpaka liti? Kunena zoona, ndilibenso ntchito pakhomo paja."

"Bambo, kodi anakufotokozerani bwinobwino musanavomere?"

"Kuvomera? Anafunsidwa ndani? Anangoti ndi lamulo lochokera ku Lilongwe. Ndipo akuti ife tinali gulu loyamba chabe, akubwerabe."

Sindinaonepo azibambo akuluakulu akutuluka m'kalasi mwa njira imeneyo. Ena pakhomo, ena pazenera, wina anathawa ndi desiki m'chiuno. Ine ndinangoima, osadziwa kuti ndalakwa chiyani. Mwina, ndinaganiza, ndanyoza boma, ndipo anthuwa sanazolowere ufulu woyankhula.

Mayi uja anayandikira.

"Bambo inu, anakudulani chiyani kwenikweni?"

"Ntchito, mayi. Umesenjala."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako anatambasula chithunzi chachikulu chimene chinali chopinda patebulo. Sindifotokoza zimene zinajambulidwapo, koma sanali malangizo a kasakidwe ka ntchito.

"Uno ndi msonkhano wa kulera," anatero motsitsa mawu. "Tikuphunzitsa za kutseka abambo. Mafumu ndinawapempha kangapo kuti anthuwa abwere. Anzanu ali m'kalasi inayo."

M'kalasi inayo ndinapeza bwana wina wa boma akutseka chikwama. "Mwachedwa achimwene," anatero. "Muzimvera wailesi."

Ndikanakonda nkhani ikanathera pomwepo. Koma mwa othawira pazenera aja munali a Gomani, a m'mudzi mwathu momwemo, amene sindinawaone chifukwa anakhala kumbuyo. Iwo sanamve mathero ake, ndipo njinga yawo inali ndi mpweya. Mmene ine ndinkafika kumudzi, ndikukankha yanga, nkhani inali itafala kale, ndipo make Sitela anali atapita kwa amalume ake.

Kutacha anabwera atatu: make Sitela maso ali psuu, amalume ake (amenenso ndi ankhoswe athu), ndi akatekisiti a kutchalitchi kwathu.

"Akamwini," anayamba amalume, "mwaulula pagulu kuti boma linakudulani chaka chatha. Nanga pathupi apa ndi pa yani? Mwana wathu mukumuneneza chiyani?"

"Auzeni anthuwa, bambo a Sitela," anatero mkazi wanga. "Kuchitsime azimayi anzanga akundiloza ndi milomo."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa tayala. Amalume anamvetsera mofatsa, kenako anati, "Zambirizo zisiyeni. Yankhani mawu amodzi. Anakudulani kapena sanakuduleni?"

"Anandidula, amalume."

Make Sitela anagwira kumutu n'kuyamba kulira.

"Ndikunena ntchito! Ntchito yokha!"

Akatekisiti anakhosomola. Iwo nkhawa yawo inali ina: Mkatolika wobatizidwa, woimba kwaya, ankafuna chiyani kutsogolo kwa msonkhano wotero? Mlandu umenewo unatenga nthawi kuposa woyamba uja.

Mkazi wanga anabwerera, koma mudzi sunakhutire mpaka mwana atabadwa. Mwamwayi anatengera makutu anga, otambalala ngati masamba a fodya, moti amalume anayenda naye khomo ndi khomo kuti aliyense adzionere. Tinamubatiza Petulo. Anthu mpaka lero amamuitana Zaboma.

Ntchito ina sindinaipeze, ndinabwerera ku khasu. Phunziro lokha ndiye ndinatolapo: ukalowa pamsonkhano, yamba wafunsa kuti ndi wa chiyani. Ndimalikumbukira ndithu phunziro limeneli, kawirikawiri ndikakhala kuti ndayankhula kale.