Hutala Yomwe Inagwetsera Apongozi M'ngalande

Ku Lungwena, kwawo kwa amuna anga, nkhani yangayi ikusimbidwa khomo ndi khomo, ndipo aliyense akuwonjezerapo zake. Ena akuti apongozi anauluka. Sanauluke. Anagwa monga amagwera munthu wina aliyense, ndipo ndikuvomera kuti anagwa chifukwa cha ine. Koma musanandiweruze, mumve kaye za hutala yakale.

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale m'tauni ya Mangochi, koma timakhala tsidya la mlatho. Nditatopa ndi kudikira maminibasi ndinagula njinga yamoto, yofiira, yoyendapo kale koma yamphamvu. Zonse zinali bwino kupatula hutala. Ukakanikiza batani inkangoti "pwii", ngati mwanapiye wovumbwa ndi mvula. Tsono m'mawa, pakati pa mlatho ndi msika, pamakhala akabaza, mbuzi, azibambo oyenda atatuatatu mopingasa msewu akukangana za mpira, ndi maminibasi oima paliponse pomwe dalaivala waona munthu wonyamula chikwama. Ndikaliza kahutala kanga panalibe wotembenuka. Tsiku lina kondakitala wina anasuzumira pawindo n'kundiuza mwaulemu wonse kuti, "Amayi, foni yanu ikulira." (Ndinamuyankha mawu omwe mphunzitsi sayenera kuwadziwa, koma ndinawalankhulira m'chisoti.)

Chomwe chinanditopetsa chinali cha sabata yotsatira. Minibasi inatsekula chitseko ine ndili pambali pake, ndikuliza "pwii, pwii" ndi mtima wanga wonse, ndipo chitsekocho chinandisupula bondo. Ndinafika kusukulu mochedwa, ndikutsimphina, n'kupeza ahedi atayima pakhomo la kalasi yanga akuyang'ana wotchi. Nditaweruka sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kwa Che Ajusa, amakaniko omwe amakonza njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango chakumsika.

"Mukufuna yoti anthu azimva, kapena yoti aziopa?" anandifunsa Che Ajusa akupukuta manja.

"Zonse," ndinatero.

Analowa m'kashedi kawo n'kutulukamo ndi malipenga awiri achitsulo, adzimbiri, otalika ngati mkono wanga. Anati anawachotsa pa lole yomwe inafera m'mapiri a ku Chiponde. Anawamangirira pansi pa nyali yakutsogolo, anaikapo kapampu kake kampweya, kenaka anakoka waya wonenepa kuchokera ku batire mwachindunji, osadutsa pakiyi, chifukwa akuti mawaya a njinga yanga ndi ulusi chabe, akanapsa.

"Koma mumve, aphunzitsi," anatero. "Batanili ndi lokalamba. Muzingoligunda pang'ono. Mukalikanikiza ndi mkwiyo limatsalira mkati."

Ndinawauza kuti ine si munthu wokwiyakwiya. (Ana a Sitandade 6 akanamva zimenezi akanagwa m'madesiki.)

Titayesa, mbalame zonse za mumtengo wa mangowo zinanyamuka nthawi imodzi, ndipo mnyamata... ayi, anali bambo wamkulu ndithu, yemwe ankagona pabenchi chapafupi, anadzuka n'kuthamanga mayadi angapo asanadziwe chomwe akuthawa. Ine mumtima ndinati, eya, ndi imeneyi.

Sabata yoyamba inali ya ufumu. Ndikangogunda batani, msewu unkatseguka. Akabaza ankapatukira m'fumbi, atatembenuka n'kumafunafuna lole, koma n'kungoona mayi wachitenje pakanjinga kofiira akudutsa ndi makope kumbuyo. Kondakitala wa foni uja ndinamupeza atayimitsa minibasi pakati pamsewu, ndipo anagunditsa mutu pachitseko. Sindinaseke pomwepo, ndinakasekera kusukulu. Amuna anga, bambo a Shakira, ataimva koyamba pabwalo la nyumba yathu anangofunsa kuti, "Amake Shakira, mwagula njinga kapena sitima ya ku Monkey Bay?" Anati ndiichotse isanandibweretsere tsoka. Ndinawauza kuti tsoka ndinakumana nalo kale, ndipo ndinawaonetsa bondo.

Apa ndikuuzeni za apongozi anga aamuna, Che Mwamadi. Ndi munthu wamkulu, wa ndevu zoyera, wosalankhulalankhula. Amagula usipa kwa asodzi ku Lungwena, amauyanika, n'kuupalasira okha panjinga yakapalasa mpaka kumsika wa m'tauni. Ana awo anayesa kuwaletsa, koma analephera. Ine ndinakulira m'tchalitchi, amuna anga anakulira mumzikiti, ndipo pamene tinkafuna kukwatirana abale ambiri anachita tsinya. Amene anati "asiyeni anawa" ndi Che Mwamadi. Nditagula njinga yamoto, azilamu anga anati mkazi wapabanja sakwera chinthu chotere ngati mwamuna. Amene anati "asiyeni apongozi azifika kuntchito" ndi Che Mwamadi omwewo. Mwa anthu onse a dziko lino, amenewa ndiwo ndinayenera kuwasamala ngati dzira.

Linali Lachinayi la sabata yachiwiri, tsiku la mayeso, ndipo mapepala a kalasi yanga anali m'chikwama changa. Ndinanyamuka mochedwa. Nditatsala pang'ono kukwera mlatho ndinapeza njinga yakapalasa kutsogolo kwanga, itanyamula dengu lalikulu lokutidwa ndi thumba, loti wopalasayo sankaoneka. Unkangoona dengu ndi zidendene ziwiri zikukwera ndi kutsika. Njingayo inkayenda mwapang'onopang'ono, ikupendamira uku ndi uku, ndipo mbali inayo kunkabwera magalimoto motsatizana, moti podutsira panalibe. Ndinayang'ana wotchi. Ndinaganiza za nkhope ya ahedi. Ndiye ndinakanikiza batani lija, osati kuligunda pang'ono ayi, koma ndi chala chachikulu chonse ndi mkwiyo wa zaka zonse zomwe ndakhala ndikunyozedwa pamsewu.

Munthu wa dengu uja anachita zomwe aliyense wanzeru amachita akamva lole pamsana pake. Anakhotetsa njinga n'kusiya msewu. Vuto n'lakuti pamalopo kunja kwa msewu kuli ngalande. Gudumu lakutsogolo linalowa, lakumbuyo linakwera, dengu linadutsa pamwamba, ndipo usipa unamwazika m'mwamba n'kutsika ngati mvula. Ndinagwira mabuleki mwadzidzidzi, njinga yanga inaterera n'kugona chammbali, ine n'kudumphira uko.

Hutala sinasiye kulira.

Ndinathamangira pabatani, koma linali litalowa mkati, monga ananenera Che Ajusa. Ndinalikanda ndi chikhadabo, silinatuluke. Ndinazimitsa injini, ndinazula kiyi, koma malipenga aja ankangolirabe njinga itagona pansi, chifukwa cha waya wosadutsa pakiyi uja. Anthu anayamba kusonkhana, zala zili m'makutu. Ndipamene ndinayang'ana m'ngalande. Munthu uja anali atakhala tsonga pakati pa usipa, akufufuza ndi dzanja mzuli wake woyera womwe unavuka kumutu. Ataupeza anaukung'untha, anauvala, n'kukweza nkhope.

Anali apongozi.

Sindikudziwa ngati munayesapo kupepesa lole ikulira pambali panu. Ndinagwada m'mphepete mwa ngalandeyo, chisoti chili kumutu, manja pamodzi, ndikunena kuti, "Pepani apongozi, pepani, sindinadziwe," koma ngakhale ine mwini sindinkadzimva. Iwo ankangoona mkamwa mwanga mukutseguka ndi kutsekeka ngati chambo chomwe angochivuula kumene. Nawo anatsegula pakamwa kunena chinachake, ine osamva. Tinakhala choncho kwa kanthawi, tikulemekezana popanda mawu. Kabaza wina ankandikuwira malangizo n'kumaloza pansi pa mpando. Wina ankamenya hutalayo ndi nsapato. Bambo wina wovala tayi sankathandiza chilichonse, ankangojambula ndi foni. (Bambo inu, ngati mukuwerenga, ndinakuonani nkhope.)

Apongozi anadzuka pang'onopang'ono. Chigongono chawo chinali chitasupuka, magazi akutsikira kumkono. Anakwera kuchoka m'ngalandemo, anandidutsa ndili chigwadire, anapita panjinga yanga, anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kampeni komwe amadulira zingwe zomangira katundu. Anawerama, anatsata waya wonenepa uja ndi chala mpaka anapeza pomwe wachokera, ndipo anaudula kamodzi.

Kunangoti zii. Ndinamva nkhuku ikulira kutali kwambiri.

Anapinda kampeni kaja, anakabwezera m'thumba, n'kutembenukira kwa ine.

"Mwadzuka bwanji, apongozi? Ana adzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino," ndinayankha. "Kaya inu, apongozi?"

"Ife tinadzuka bwino," anatero, akuyang'ana usipa wawo m'ngalande. "Mpaka posachedwapa."

Anthu aja anayesetsa kudzigwira, koma mmodzi atangoyamba kuseka, onse anatsatira. Ine ndinavula chisoti, ndinapinda chitenje, n'kutsikira m'ngalandemo kukatola usipa. Amayi awiri ogulitsa nthochi anabwera kudzandithandiza. Usipa wouma ndi nsomba yaing'ono, abale anga, ndipo dengu la apongozi ndi lalikulu. Tinatola umodziumodzi, kuuzira mchenga, kuponya m'dengu, mpaka msana unauma. Wina wambiri unali utagwera m'matope, sunapulumuke. Gudumu la njinga yawo linapindika moti anachita kuikankha. Mayeso a kalasi yanga anayamba mochedwa ndi ola lathunthu, ndipo tsiku lonse ana ankanunkhiza mapepala awo n'kumayang'anizana.

Lamulungu tinaitanidwa ku Lungwena. Tinakhala pakhonde, amuna uku, akazi uku. Mlongo wamkulu wa amuna anga, Abiti Mwamadi, ndiye anatsegula nkhani, ndipo zinaoneka kuti anaikonzekera kuyambira Lachinayi lomwe lija.

"Tinanena ife," anatero. "Tinati mkazi ndi njinga yamoto sizigwirizana. Lero bambo athu akanafera m'ngalande ngati galu. Njingayo igulitsidwe. Ngati akufuna kupita kuntchito, maminibasi alipo."

Bambo a Shakira anali atandipempha panjira kuti ndikangoti "ndamva" basi. Ndinalonjeza. Koma nditamva mawu oti maminibasi, lonjezo lija linasungunuka.

"Alamu," ndinatero, "kugwetsa apongozi ndinalakwa. Ndinapepesa pamsewu, ndikupepesanso pano, ndipo ndidzapepesa mpaka ndidzakalambe. Koma njinga sindigulitsa. Ndipo hutalayo sinalakwe. Inagwira ntchito yomwe ndinaiikira, kungoti inapeza munthu wolakwika."

Amuna anga anayamba kuwerenga nyerere pansi. Alamu anatsegula pakamwa, koma apongozi anakweza dzanja, lomwe linali lomangidwa nsanza pachigongono.

"Msewu umenewu ndinayamba kuupalasa ana inu musanabadwe," anatero. "Malole andigwetsera m'tchire kambirimbiri. Sindinaone ndi imodzi yomwe itaima. Iyi ndi lole yoyamba kuima, kugwada, n'kutola usipa wanga. Njinga ikhale. Chinthu chophokosera chija chichoke. Ndipo chigongonochi chayamba kutupa. Amene anandigwetsa ndi amene akandisiye kuchipatala Lachiwiri."

"Ndamva," ndinatero. (Mwaona, ndinanena ndithu mawuwo, kungoti ndinachedwa nawo.)

Lolemba ndinapita kwa Che Ajusa ndi mtima wofunadi kumvera. Anali atamva kale nkhani yonse, ndipo anali ataionanso pafoni. Anatenga sipanala n'kufunsa kuti, "Tichotse?" Ndinayang'ana malipenga aja. Ndinayang'ana kumsewu, komwe minibasi ina inali itaima mopingasa, dalaivala akugula chinangwa. Ndinawauza kuti abwezeretse kahutala kakale pabatani lapamwamba, koma yaikuluyo alumikize waya wake, aikute ndi chigamba cha chubu, aiikire batani latsopano lobisika pansi pa chogwirira. Che Ajusa anayamba ntchito pomwepo.

Apongozi anabwera Lolemba lomwelo madzulo n'kugona kwathu. Lachiwiri m'mawa anakwera kumbuyo kwanga, ndipo pofuna ulemu tinaika chikwama cha makope pakati pathu, iwo atagwira chitsulo chakumbuyo. Ndinkayendetsa ngati ndanyamula mazira. Titatsika mlatho tinapeza minibasi itatseka msewu wonse, kondakitala akukweza matumba a makala mosafulumira. Ndinaliza kahutala kaja. "Pwii." Palibe anatembenuka. Ndinalizanso. Dzuwa linali litayamba kuwawa, ndipo ndinamva apongozi akusuntha mkono wotupawo n'kubuula chapansipansi.

Kenaka anatsokomola.

"Apongozi, chinthu chija munachotsadi?"

Kunamiza munthu yemwe unamugwetsera m'ngalande n'kovuta.

"Chilipo," ndinatero.

"Hmm," anatero. "Ndagwiritsa."

Ndinapisa chala pansi pa chogwirira n'kugunda kamodzi, pang'ono, monga ananenera Che Ajusa. Kondakitala anaponya thumba la makala, dalaivala ananyamula minibasi chitseko chili chotsegula, ndipo msewu unayera mpaka kumsika. Ndinangomva chikwama cha makope chikugwedezeka pamsana panga ndi kuseka kwa apongozi, ndipo chinagwedezeka mpaka tinafika.

Pageti la chipatala anatsika, anawongola mzuli, nkhope ili yaulemu ngati akutuluka mumzikiti.

"Ine ndinalamula kuti chichoke," anatero, "ndipo wina akandifunsa ndidzati chinachoka. Lero sindinamve kalikonse. Makutu angawa anafa Lachinayi."

Ndiye ngati mukufuna kudziwa chomwe ndinaphunzirapo, ndi chimodzi chokha. Sindilizanso hutala ya lole kumbuyo kwa dengu lomwe sindikudziwa mwini wake. Ndimayamba ndadutsa pambali, ndasuzumira nkhope, ndapereka moni. Zina zonse zomwe alamu anga ankafuna kuti ndiphunzire sizinalowe. Dalaivala amene aimitse minibasi pakati pamsewu mawa m'mawa ayambe wamaliza kumwa tiyi wake, angadzitayire pamalaya.